Dzanja Limodzi M'thumba

Magetsi abwera teni koloko itapitirira,
osagogoda, ngati mwamuna wochokera ku bawa.
Mufakose yense wadzuka nthawi imodzi:
maketulo, masimbi ositira, pampu ya madzi kwa amake Rutendo,
ndipo kuseri kwa mpanda Tafirenyika wayatsa makina owotcherera
kuti amalize geti la anthu a ku Marimba.
Babu la m'khitchini mwanga lachita chikasu ngati dzino la wosuta.

Patebulo pagona ampulifaya ya Zuze, mimba kumwamba.
Machubu ake awiri atsopano adabwera pa basi kuchokera ku Joni
atawakulunga m'masokosi.
Loweruka akuimba paukwati ku Kambuzuma.
Akuti gitala ilire ngati ili ndi kachimfine,
isalire ngati yakutchalitchi.

Ndalowetsa mita pakhoma. Mavoloti 197.
Ndadikira. 204.
Tafirenyika wagunditsa ndodo pachitsulo: 189.

Bambo anga, a Alufeyo, adakonza mawailesi ku Magaba
mpaka maso adakana.
"Lekeleni, dzanja limodzi m'thumba.
Kapasita amasunga chakukhosi
ngakhale udamuzula pakhoma dzulo."
Ndiye lamanzere lili m'thumba la ovolosi, likusisita kiyi,
lamanja lagwira sikuludiraiva yowonda ngati udzu.

Bayasi ndi mpweya umene chubu chimapuma chili chete,
chala chisanakhudze nsambo.
Ukachimana, mawu amatuluka owuma, okanda pakhosi.
Ukachipatsa wochuluka, chitsulo m'kati mwa galasi chimafiira ngati khala,
chimaimba mokoma masabata atatu, basi, maliro.

Nditatchera tsopano, khoma lili lofooka chonchi,
mamiliampu 35 aoneka aulemu, ogwira m'manja popereka moni.
Koma masimbi akazizira, Tafirenyika akagona,
khoma lomweli lidzasanza zonse zimene linabisa,
ndipo ulemu uja udzayaka.

Tidikira.
Zuze wagona pasofa nsapato zili kumapazi,
zala zikuyendabe pamimba ngati pali nsambo.
Tiyi wachita kakhungu m'kapu.
Galu wa mumsewu wachitatu wauwa, wasiya, wayambiranso.

Thu koloko yadutsa. Babu layera mbuu.
Firiji ikung'ung'udza ngati yakwiya.
248.
Uyu ndiye mlendo amene ndimamudikira,
amene amabwera eni nyumba atagona.
Ndapotoza pang'ono, kuchepera kutembenuka kwa nyerere.
38, 34, 31. Ndasiya pomwepo.

"Onjezerako, mlongo," Zuze wadzuka, diso limodzi.
"Chimveke kutentha."
Ndakana ndi mutu, dzanja silinatuluke m'thumba.

Bambo adakhala mumzinda uno zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi
chitupa chikuwatcha mlendo.
Pamzere wa shuga sankakweza mawu.
Chichewa ankachiyatsa m'nyumba mokha, zitseko zitatsekedwa, motsitsa.
"Uzisiya malo," ankatero,
"sudziwa chimene khoma libweretse mawa."
Kaya inali nzeru, kaya anali mantha,
mita yangayi siyeza zimenezo.

Zuze walumikiza gitala.
Wakanda nsambo yaing'ono, yathamanga ngati mwana wotumidwa kugolosale,
kenako yaikulu ija, yolemera, yabwera pambuyo ikukoka phazi.
Wandiyang'ana osanena kanthu.

Chabwino.
Ndawonjezera imodzi yokha. 32.
Imeneyo si ya bambo, ndi yanga.

Faifi koloko isanakwane, magetsi apita osatsazika.
Babu lafa, firiji yameza mawu.
Koma Zuze anali atagwira kale nsambo,
ndipo mumdima ampulifaya yaimbabe
ndi zimene inasunga,
kamphindi kokwana kupuma katatu,
timaso tiwiri tofiira tikutsinzina pang'onopang'ono m'galasi.